Miphika ya a Baranaba Chikopa

A Namakhwa anaponya bukulo pa benchi, inki n'kutayika.

"Ndani walemba mlongo wanga?"

Tinalimo asanu ndi awiri m'chisakasamo, akuluakulu okhaokha, aliyense pepala pa bondo. Aphunzitsi athu, a Baranaba Chikopa, anayamba atola kabotolo ka inki, n'kukapukuta ndi tsamba. Kenako anamuyang'ana mlendoyo pamwamba pa magalasi.

"Takulandirani, a kapitao. Khalani pansi."

"Sindikhala. Ndafunsa. Ndani walemba mlongo wanga m'buku?"

"Bukulo ndinalemba ndine. Koma mlongo wanu mulibemo. Ndi nkhani yopeka."

"Yopeka? Mkazi woumba miphika. Wamasiye. Wochokera kutsidya kwa Muloza. Woumba ndi dzanja lamanzere. Alipo angati otere dziko lino?"

"Dzina ndi lina, bambo. Wa m'bukumo ndi wamtali, ndipo alibe ana."

"Dzina! Munthu akaba mbuzi n'kuipaka matope, yasanduka ya wina?"

Che Amidu, telala wa pa Chinakanaka, anandigunda ndi chigongono. Sindinaseke. A Namakhwa anali kapitao wa kumunda wa tiyi, ndipo ndodo inali m'manja.

"Misika itatu tsopano," anatero, "a Nachuma akubwerera ndi miphika yonse pamutu. Amayi akukana kugula. Akuti inaumbidwa ndi misozi, ndipo mphika wa misozi umathetsa banja. Akutinso mlongo wanga ali ndi mwamuna wobisa. Ine mwini mbumba ndimvere pamsika?"

"Si zoona zimenezo."

"Zalembedwa! Chiphaso cha msonkho n'cholembedwa, chimanama? Samani ya kukhoti imanama? Buku la kutchalitchi kwanu limanama? Konzani dzina la mlongo wanga. Mukapanda kutero, tikaonana kubwalo."

Anatuluka. A Baranaba anavula magalasi, n'kuwavalanso.

Ine ndine Juwawo. Ndimacheka matabwa a mkungudza m'phiri la Mulanje. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Mawu ndilibe ambiri. Ndikulemba izi chifukwa patha chaka chiwaikireni m'manda a Baranaba. Masika afikanso, chimanga chalowa m'nkhokwe, koma khasu lakale limene ankaliomba potiitana silinalire. Che Amidu akuti wina alembe. Akuti iwo akalemba, mapepala angathe dziko lonse. Ndiye kwatsala ine.

A Baranaba anabedwa ali mwana, nthawi ya ogula anthu. Anapulumuka, n'kukulira kumishoni, kutali ndi kuno. Dzina la amayi awo sankalidziwa. Chimene ankakumbuka ndi phiri lalikulu la miyala yoyera, lokhala ndi mtambo pamutu. Kumishoniko anagwira ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku, kusanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, zaka zambirimbiri. Maso atayamba kufooka ndiponso akazi awo atamwalira, anatenga jekete ndi bokosi, n'kuyamba kufunafuna phiri lija. Atafika pa Chinakanaka anayang'ana kumwamba, nati ndi lomweli. Anamanga pomwepo.

Anali wamfupi, wotsimphina mwendo wamanja. Jekete sankavula, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Nsonga za zala zawo zinali zakuda ndi inki ya kale, sopo anaikanika. Magalasi anali omanga ndi ulusi. Akamaganiza ankatafuna nzimbe. Akamaseka, mawu sankatuluka, ankangogwedezeka mapewa. Ndipo ankawerenga chozondoka. Ntchito ya zilembo ija inawazoloweretsa choncho. Iwe uli uku ukulemba, iwo ali uko moyang'anana nawe, awerenga kale zonse, aona ndi pamene wanama.

Ankanena kuti moyo wawo wonse anasanja mawu a anthu ena, nyimbo ndi malamulo ndi masamu, koma m'mabuku onsewo sanapezemo munthu wa kuno akukonda mnzake. Ngati kuti ife timangobadwa, kukhoma msonkho, kufa. Ndiye anayamba kulemba okha nkhani zachikondi, n'kumaphunzitsanso ena kulemba.

Sukulu yawo inali ya masika. Inkayamba tikatha kukolola, inkatha tikayamba kusosa. Ankati munthu wanjala sapeka nkhani, amapeka chakudya. Tinkakumana Loweruka masana m'chisakasa cha udzu, pambali pa nyumba yawo. Cholowera chinali pepala. Wina ankabwera ndi la m'mabokosi a tiyi, wina lokulungira nsalu m'sitolo. Inki yogula ikatha, ankasakaniza mwaye ndi utomoni.

Ine sindinapite kukaphunzira. Ndinapita kukakhoma mabenchi. Nditamaliza anandipatsa peni.

"Khalapo uyese benchi lakolo. Lemba za munthu amene anafuna mkazi."

Ndinalemba: Mwamuna anaona mkazi kudambo. Anamufuna. Anamukwatira.

"Juwawo, yatha?"

"Yatha."

"Pakati apa pali chiyani?"

"Palibe."

"Iwe ukamatsika ndi thabwa m'phiri, umangoti ndanyamula, ndafika? Mulibe miyala? Mulibe poterera?"

"Zilimo."

"Ndiye lemba miyalayo. Nkhani ndi miyalayo."

Loweruka linalo ndinawonjezera mzere umodzi: Amalume ake anakana. A Baranaba anadzuka n'kuvina ndi mwendo wawo uja, akufuula kuti Juwawo wapeza mwala. Ndinachita manyazi. Koma Loweruka lotsatira ndinabwereranso.

Malamulo awo anali ochepa. Ankati nkhani ili ngati nyemba za kalongonda. Ukaphika kamodzi n'kupatsa anthu, azungulira mutu. Uphike, utaye madzi, uphikenso, utayenso. Kutaya madziko kunali kung'amba pepala, ndipo ankang'amba popanda chisoni, lawo ngakhale lathu. Ankaletsa kulemba kuti mkazi anali wokongola. Ankati lemba zimene manja ake ankachita, kukongolako owerenga akuona okha. Ankatinso ukatenga munthu wamoyo kumuika m'nkhani, usinthe zinthu zitatu, kuti mwini wake asadzizindikire. Koma lamulo lalikulu linali ili: munthu wa m'nkhani adzuke. Akafuna chinthu, apite akachitenge. Wongokhala pakhonde n'kumausa moyo ankamutcha thumba la chinangwa.

Ndi Che Amidu ankakangana masika aliwonse, pa chinthu chimodzi chomwecho. A Baranaba ankakonda mathero achisoni. Wina amira, wina apita osabwera. Che Amidu ankafuna ukwati.

"Mwalimu, mwapha chikondi chinanso! Walahi, mukanakhala nkhoswe inu, dziko lino likanatha anthu."

"Ukwati pamapeto ndi shuga wonyengerera ana, Che Amidu."

"Nanga shuga ndi woipa? Inu mukutafuna chiyani pamenepo?"

Ankatha masiku awiri osalankhulana. Lachitatu Che Amidu ankabwera ndi ulusi, a Baranaba n'kuwadulira nzimbe.

Makina osindikizira analibe. Ankati makina awo ndife. Nkhani yawo ikapsa, ife ophunzira tinkaikopera pamanja, aliyense buku limodzi kapena awiri. Che Amidu ankasoka masamba. Ine ndinkacheka timatabwa ta mkungudza topyapyala ngati chikhatho cha mwana, tokutira kunja, chifukwa mkungudza chiswe ndi njenjete sizidya. Buku linkanunkhira phiri. Likatero linkayamba kuyenda. Odziwa kuwerenga anali ochepa, ndiye mmodzi ankawerenga, ena onse n'kumamvera, pakhonde la Che Amidu tsiku la msika, kapena kumalaini, kunyumba za antchito a kumunda wa tiyi, Lamulungu masana.

Nkhani zoyambazo sizinavute. Zinali za ana a mafumu a kutali, kumitsinje yopanda mayina. Anthu ankaziyesa zoona ndithu, koma zoona za kwa eni. Ankangoti kunja kuno kuli zinthu.

Masika a chaka chimene ndikunenacho, nkhondo ya azungu isanayambe, anatulutsa buku lina. Analitcha Woumba wa Kutsidya. Munali mlenje, mnyamata wamphamvu, amene ankagula mphika msika uliwonse kwa mkazi wina woumba, pofuna kungomuona manja. Mawu ankamukanika. Pamapeto mlenjeyo anawoloka mtsinje n'kupita osabweranso, mkazi n'kutsala akulira, misozi ikugwera m'dongo. Inali nkhani yabwino. Ine ndinakopera awiri. Onse pamodzi anakwana khumi ndi awiri.

Atawerenga pakhonde la Che Amidu, amayi analira. Atatha kulira, mmodzi analoza kumapeto kwa msika, kumene kunali miphika.

"Anthu inu, si a Nachuma amenewa?"

Nkhani inayambira pamenepo, mpaka kufika pa ndodo ya a Namakhwa.

A Baranaba anayesa kukonza. Tsiku la msika anakwera pakhonde paja, jekete ili pathupi, nauza anthu kuti zonsezo anazipeka okha, kulibe mlenje, kulibe misozi. Mayi wina wogulitsa makaka, chinangwa chouma chija, anawayankha ali chikhalire.

"Pakamwa mukuti bodza, papepala mwati zoona. Tigwire chiti? Za pakamwa zimapita ndi mphepo, bambo. Pepala likadalipo."

Wina anati awaopseza ndi ndodo, n'chifukwa chake akukana. Zinthu zinaipiraipira. Tsiku limenelonso a Nachuma sanagulitse ngakhale kamphika ka ndiwo. Ndinawaona akusenza katundu yense kubwerera ku Thuchila, kumene ankakhala. Ana awo anali atatu, munda waung'ono. Miphikayo ndiyo inkawadyetsa.

Loweruka a Nachuma anabwera okha.

Anatula dengu pakhomo pa chisakasa. Mayi wamfupi, wa mphini kumaso, mikono ngati ya wocheka matabwa mnzanga. Anatipatsa moni wa Chilomwe, n'kukhala pa benchi la kutsogolo, pamene sipankakhala munthu chifukwa choopa maso a aphunzitsi.

"Ine sindidziwa kuwerenga. Ndiwerengereni pamene ndikulirapo."

"Mayi, si inu…"

"Werengani."

Anawerenga. A Nachuma anamvera mpaka kumapeto, manja pa mawondo.

"Mwamuna wanga atamwalira ndinalira masiku atatu," anatero. "Lachinayi ndinapita kukakumba dongo. Misozi m'dongo? Mphika wake ungaume liti? Mwalemba bwino za manja. Pamenepo munaona. Koma mkazi wanuyo ndi chitsiru."

Mapewa a Che Amidu anayamba kugwedera.

"Tsono mlenjeyo," anapitiriza. "Wogula mphika msika uliwonse. Amaphika chiyani m'miphika yonseyo?"

"Ndi munthu wopeka, mayi."

"Eya. Ine wogula mphika msika uliwonse ndikudziwa mmodzi. Sasaka nyama. Amavala jekete."

Anadzuka, n'kulunjika kunyumba ya a Baranaba. Inali pomwepo, mapazi khumi. A Baranaba anatsimphina pambuyo pawo akuti mayi, mayi, musalowe, simunasesedwe. A Nachuma anakankha chitseko. Ife tonse tinali kumbuyo, makosi atali.

Chitsekocho ndinakhoma ndine, koma m'katimo ndinali ndisanalowemo chaka chathunthu. Munali miphika. Pansi miphika. Kunsi kwa kama miphika. Ina yolenjekeka kudenga ndi luzi, ina yolowetsana itatuitatu. Mitsuko, nkhali, timiphika ta ndiwo. Panali kanjira kamodzi kokafika pa kama. Umodzi wokha ndiwo unali wakuda ndi moto. Ina yonse inali yofiira ngati yotsika kumene pamoto wowotchera.

A Nachuma anatola umodzi, n'kuugogoda ndi chala. Unalira bwino.

"Uwu ndi wa dongo la kumunsi. Uwo unapindika mlomo, ndinati musatenge, inu munati ndi womwewo. Ine ndinkayesa mumagulira amishoni."

Che Amidu analephera kupirira.

"Mwalimu! Zitatu munasintha. Mwendo, imvi, jekete. Chachinayi munaiwala!"

"Khalani chete, Che Amidu."

"Munthu wa m'nkhani atani kodi, anzanga? Paja timati atani?"

"Adzuke!" anayankha onse. Inenso ndinayankha.

A Baranaba anaima pakati pa miphika yawo, mutu pansi, ngati wogwidwa ndi chimanga cha eni. A Nachuma sanaseke. Anabwezera mphika uja pamalo pake.

"Munthu wamkulu, imvi mbuu, kundifunsira pakhonde la telala, msika wonse ukumva, mwini wakene osamva. Kwathu sititero. Kwathu amatuma munthu kwa mlongo wako."

"Mayi, ine ndakalamba. Mwendo uwu…"

"Ndafunsa za mwendo?"

"Ayi."

"Anthu akuti cholembedwa n'choona. Chabwino. Sindilimbana nawo. Tsamba lomalizalo muchotse. Koma musalembe lina msanga. Muyambe mwachita, kenako mulembe."

Anasenza dengu lawo n'kumapita. Sukulu inathera pomwepo tsiku limenelo. A Baranaba anakhala pa chiundo cha nyumba, natafuna nzimbe yonse mpaka kumizu.

Abale analibe, poti anabedwa ali mwana. Panafunika nkhoswe. Che Amidu anadzipereka. A Baranaba anakana, nati ameneyo akayamba kulankhula, mvula yodzalira idzawapeza ali pa moni. Anasankha ine. Anandilembera mawu okanena, masamba atatu, okoma kwambiri. Munali phiri, munali mtambo, munali mbalame. Ndinawaika m'thumba.

Ndinawapeza a Namakhwa pabwalo pawo ku Thuchila, akusema mpini. Tinapatsana moni. Ndinakhala pansi. Masamba aja ndinawasiya m'thumba momwemo.

"A Baranaba akufuna mlongo wanu."

"Basi?"

"Basi."

"Munda ali nawo?"

"Alibe."

"Khasu amalitha?"

"Ayi."

"Mbuzi? Nkhuku?"

"Ayi."

"Nanga ali ndi chiyani munthu wanuyo?"

Ndinaganiza.

"Miphika."

A Namakhwa anandiyang'ana. Kenako anaseka mpaka mpini unagwa. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a a Nachuma.

"Alandireni, achimwene. Miphikayo ndi yanga. Ndikuifuna."

A Namakhwa anapukuta maso. Anati avomera, koma mabuku onse abwerere, tsamba la misozi lichoke, lisatsale ndi limodzi lomwe. Ndinavomera. Nditabwerako a Baranaba anafunsa ngati mawu a mtambo aja anagwira mtima. Ndinati anaseka. Anati kuseka n'kwabwinonso.

Kutolera mabuku kunatitengera masabata atatu. Tinagawana njira. Lina linali kumalaini, lina kwa mlonda, lina linafika mpaka ku Limbuli. Amayi ena ankabisa, ankati mathero akalewo ndiwo okoma, munthu umalira n'kupepukidwa. Tinapeza khumi ndi limodzi. Lotsalalo linapita ndi munthu wina ku Joni, kumigodi. A Namakhwa anati la ku Joni alikhululukira, kumeneko kulibe ogula miphika ya mlongo wawo.

Ukwati unachitika chiperoni chitayamba. Mwamuna amapita kwa mkazi, ndiwo mwambo. Ndiye a Baranaba ananyamuka ulendo wa chikamwini, ndi jekete, ndi bokosi, ndi miphika. Tinasenza ife ophunzira ndi akazi athu, mzere wautali kuchokera pa Chinakanaka mpaka ku Thuchila, mkamwini wa imvi akutsimphina patsogolo. Anthu ankatuluka m'midzi kudzaona. Amayi ankalulutira. Wina anafuula kuti sanaonepo mphika ukubwerera kwa amake. Che Amidu anaswa umodzi panjira chifukwa chovina. A Nachuma anawakumbutsa za mphika umenewo zaka zonse zotsatira.

Atachita, kunatsala kulemba. A Baranaba anaphika mathero atsopano sabata yathunthu. Anataya madzi kanayi. Loweruka anabwera nawo m'chisakasa, masamba asanu, a Nachuma ali pa benchi la kutsogolo. Anawerenga. Munali mwezi, munali maluwa, mlenje analankhula tsamba lathunthu atagwada.

"Achuluka," anatero a Nachuma. "Munthu amene anakanika kulankhula chaka chonse, lero mawu onsewo wawatenga kuti? Tengani peni."

"Amayi, kulemba nkhani kuli ndi malamulo ake."

"Tengani peni, abambo."

Anatenga. A Nachuma ananena, iwo n'kumalemba: Mlenje atafika pamtsinje anakumbuka miphika yake. Anabwerera. Mkazi sanalire. Anamupatsa khasu, nati kakumbe dongo.

"Yatha?"

"Yatha."

A Baranaba anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ngati ndine ndawapangira chiwembu. Anati m'sukulu mwawo tsopano muli a Juwawo awiri. Anawerenganso mizereyo chamumtima, milomo ikuyenda. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anang'amba masamba asanu aja okha, ndi manja awo.

Tinakopera tsambalo kakhumi ndi kamodzi. Che Amidu anasula ulusi, kuchotsa lakale, kusokerera latsopano, akuimba. Anati zaka zonsezi ankapempha ukwati umodzi wokha papepala, Mulungu wawapatsa wa papepala ndi wa pabwalo. Masamba a misozi aja a Nachuma anakayatsira moto wowotchera miphika.

Tsiku la msika Che Amidu anawerenga buku lonse pakhonde, kuyambira poyamba. Kumapeto kwa msika kunali a Nachuma ndi miphika yawo, pambali pawo a Baranaba, dongo lili mbuu pa jekete. Che Amidu atafika pa tsamba latsopano, anthu anatembenuka onse kuyang'ana kumeneko. Mayi wa makaka uja ndiye anayamba.

"Mwaona? Ndinanena ine. Pepala silinama."

Anadzuka n'kukagula mtsuko. Dzuwa lisanapendeke miphika inali itatha, pamodzi ndi ija ya m'nyumba ya a Baranaba, imene inagulitsidwa kachiwiri. Mbiri inasintha. Anayamba kunena kuti mphika wa a Nachuma umabweza mwamuna amene wawoloka mtsinje. Akazi a amuna a ku Joni ankachokera kutali kudzagula. A Baranaba anafuna kukweranso pakhonde kukatsutsa zimenezo. A Nachuma anawagwira jekete, nati khalani pansi, mwalankhula mokwanira.

Anakhala limodzi masika anayi. Dongo a Baranaba ankakumba, koma moipa. Ankabwera ndi la mchenga, a Nachuma n'kuwabweza. Sukulu sanasiye. Loweruka lililonse la masika ankayenda kuchokera ku Thuchila ndi mwendo wawo uja, kudzaomba khasu pa Chinakanaka. Nkhani iliyonse yatsopano ankayamba awerengera a Nachuma akuumba. Dzanja lamanzere likaima, ndiye kuti pamenepo pali bwino. Likapitiriza kuumba, ankang'amba. Zikondi ankaphabe, koma mwa apo ndi apo. Akafuna kumiza munthu m'madzi, ankayamba apempha.

Lamulo la zinthu zitatu analisintha. Ankati usinthe zitatu, kenako ukafunse mlongo wake.

Chimene sichinawachoke mumtima ndi buku la ku Joni lija. Aliyense wobwera kumigodi ankamufunsa ngati anaona buku la matabwa onunkhira. Palibe analiona. Ankadandaula kuti kwinakwake, pansi pa nthaka ya eni, mkazi uja akulirabe, ndipo wolakwa ndi iwo.

"Musiyeni alire," ankatero a Nachuma. "Ameneyo ndi wamtali. Si ine."

A Baranaba anadwala chifuwa nthawi ya chiperoni chaka chatha. Sanagone masiku ambiri. Ndinapita kukawaona masana ena, nkhani yanga ili m'manja. Inali itafika masamba awiri. Ndinakhala kumiyendo kwa mphasa. Sanathe kudzuka, koma anawerenga ali chigonere, chozondoka monga mwa masiku onse. Analoza ndi chala chakuda chija pamzere wina, nati apa wathamanga, pali mwala waudumpha. Unalipodi. Patapita masiku awiri anamwalira.

Dzulo ndinatsika m'phiri ndi sowo yanga, n'kudzera pa chisakasa. Udzu wa mbali ya kum'mawa wagwa. Mabenchi alipo onse anayi, mkungudza suola. Pa benchi la kutsogolo pali banga la inki ija anataya a Namakhwa. Khasu likadali pa mtengo, lachita dzimbiri, kachitsulo koombera kali pamphanda pomwe ankakasiya. Pamene ankakhala a Baranaba pamera nzimbe, kuchokera ku mfundo zimene ankataya. Zatalika kuposa mwini wake. M'nyumba muja mulibe kanthu, koma pansi pakuonekabe timaenje tozungulira, pamene pankakhala miphika.

Pakona pali mtsuko umodzi wa madzi akumwa, wopindika mlomo uja, wokhawo umene a Nachuma sanagulitse. Ndinaupeza wodzaza. A Nachuma anali pomwepo ndi tsache, achokera ku Thuchila m'mawa.

"A nkhoswe," anatero. "Ndamva mukulemba za abambo."

"Ndikulemba."

"Mwafika masamba angati?"

"Ambiri."

"Inuyo? Akanavina." Anaseka. Anasesa pang'ono, n'kuima. "Za miphika mwalemba?"

"Ndalemba."

"Za dongo la mchenga?"

"Ndalemba."

"Nanga mwalemba kuti ndinalira?"

"Ayi."

"Musalembe."

Anatembenukira kuphiri, nati utsi ukuwalowa m'maso. Ndinayang'ana uku ndi uku. Moto panalibe.

Ndinamwa madzi a mumtsuko uja. Ndinavundikira. Ndinanyamula sowo yanga, n'kumapita.